Tambala wa ku Mdeka

1

Dzina langa ndine Gertrude Matewere. Ndinaphunzitsa Chingerezi kusekondale kwa zaka zoposa makumi atatu. Digiri yanga ndinaitenga ku Zomba m'masiku amene mkazi wa digiri ankalozedwa chala ngati ndege yotera ku Chileka. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe kutalika kwa mtengo umene ndinagwamo.

Nditapuma pantchito ndinabwerera ku Lirangwe, kunyumba imene tinamanga ndi malemu amuna anga. Kukhala manja lende sindikudziwa, choncho ndinatsegula kalabu ya ana a Folomu 4. Loweruka lililonse ankabwera pakhonde panga kudzasanthula masewero a pawailesi, makanema ndi nkhani za m'nyuzipepala. Chibwerereni ulamuliro wa zipani zambiri, aliyense wokhala ndi pakamwa anasanduka mtolankhani, ndipo ana athu ankameza zonse, chimanga ndi miyala yomwe. Ine ndinkawaphunzitsa kutafuna.

Panali mawu awiri amene mwana aliyense wodutsa pakhonde panga ankawaloweza, afune asafune. Oyamba: mphekesera si nkhani, bweretsa umboni. Achiwiri: kamera siyang'ana mwangozi. Wojambula akakuonetsa chinthu, dzifunse chifukwa chake.

Ndili ndi mwana mmodzi, Doreen, namwino pa kachipatala kena ku Chileka. Amuna omufuna anabwera ambiri. Ndinkawakhazika pakhonde lomwelo, kuwafunsa buku lomaliza limene anawerenga, ndipo ankabwerera kwawo akupukuta thukuta. Kenaka kunabwera Gracian. Digiri ya zachuma, ntchito pa kampani yonyamula katundu wa pandege, tayi pakhosi ngakhale dzuwa la Okutobala. Atalowa m'nyumba anaima patsogolo pa shelefu yanga ya mabuku, nati, "Amayi, nyumba ino ikununkhira maphunziro."

Ndinamupatsa malikisi onse asanamalize tiyi.

Loweruka ndi Lamlungu sankaoneka kawirikawiri. Ankati ndege sidziwa Sabata. Ine ndinkauza azimayi anzanga kutchalitchi kuti aone mmene mwamuna wophunzira amagwirira ntchito.

2

Kutatsala masabata ochepa kuti chinkhoswe chichitike, Doreen anandipeza ndikusita nsalu za patebulo.

"Amayi, ndamva zinthu zokhudza a Gracian."

"Wamva kwa ndani?"

"Kwa anthu."

"Anthuwo alibe mayina? Kapena makolo awo anaiwala kuwatcha?"

"Akuti..."

"Akuti! Mawu amenewo ndiwo anapha utolankhani m'dziko muno. Waona ndi maso ako?"

"Ayi, koma mukanandimvera kaye..."

"Mwamuna wa digiri akapezeka, nsanje imamera ngati bonongwe. Usandibweretsere miseche ya pachigayo, Doreen. Mphekesera si nkhani. Bweretsa umboni."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anapinda nsalu imodzi mosamala, naiika pamwamba pa zinzake.

"Chabwino, Amayi. Koma za wojambula kanema mundisiyire ine."

Ndinavomera mokondwa, poganiza kuti mwana wayamba kuika mtima pa chinkhoswe chake.

Chinkhoswecho chinachitikira pabwalo panga, ndipo Lirangwe sanaonepo chotere. Matenti awiri, mipando yovekedwa nsalu, ahedi opuma pantchito mzere wonse wakutsogolo. Mbali yathu inavala yunifomu yobiriwira, mbali ya kuchimuna yachikasu. Mnyamata wojambula, January, ankazungulira ndi kamera yake paphewa.

Nkhoswe wa mbali yathu anali mchimwene wanga Elias. Monga mwa mwambo, iye anapereka msoti kwa akuchimuna, iwo natipatsa tambala. Ndiyenera kuvomereza kuti anali tambala wochititsa kaso: wofiira, wa khosi lopanda nthenga, wonenepa ngati woleredwa m'nyumba. Amayenera kupita kwa nkhoswe, koma a Elias ndimawadziwa. Nkhuku ikalowa kwawo siona dzuwa la mawa. Ndinalamula kuti akhale m'khola langa, andipatse mbewu.

Tambala atangolandiridwa, ndinaimirira kulankhula. Ndinalankhula m'Chingerezi, pakuti ahedi aja sanabwere kudzamva chilankhulo cha pamsika. Ndinafotokoza za maphunziro monga maziko a banja. Chimene chinandikwiyitsa n'chakuti ndili mkati mwa ndime yanga yabwino koposa, mwana wina anayamba kulira mokuwa kumbuyo. Ndinakweza mawu mpaka ndinamugonjetsa. Mwana wa zaka zinayi sangapikisane ndi mphunzitsi amene anakhalitsapo chete holo yodzaza.

3

Chimbale cha kanema chitabwera, ndinachionera madzulo aliwonse. Ndinaona kuti duku langa linakhala bwino. Ndinaona kuti ahedi awiri anagwedeza mitu pamene ndinatchula za maziko. Ndinaonanso kuti January ndi wojambula wopanda mwambo, pakuti kamera yake inkangondisiya ndili pakati pa chiganizo n'kumakayendayenda kumbuyo kwa anthu. Pamalo oterowo ndinkathamangitsa kanema ndi rimoti mpaka nkhope yanga ibwerenso.

"Waona chiyani mu kanemamu, Amayi?" sindiye mmene Doreen ankafunsira. Mwana wanga ndi waulemu. Iye ankangoti, "Mwaonera bwino, Amayi?"

"Ndaonera. Mnyamata wako uja dzanja lake silikhazikika."

Ukwati wa kutchalitchi unayandikira. Abusa anali atalengeza kale kawiri, kulengeza komaliza kunali Lamlungu likubweralo. Chipewa changa chinali chitafika kuchokera ku Limbe. Lachisanu Doreen anati, "Amayi, mumadandaula kuti ana anu amangoonera makanema a nkhonya. Bwanji mawa muwaonetse wa chinkhoswe? Aphunzire mwambo, amvenso mmene munthu amalankhulira pagulu."

Ndinaona kuti mwanayu wanena zanzeru. Ndinadabwa kuti sindinaganize ndekha.

4

Loweruka m'mawa tinatulutsa wailesi ya kanema pakhonde. Ana anakhala pamabenchi. Ndinawauza kuti aonere ngati akuonera kanema wina aliyense, osaopa kuti mphunzitsi wawo alimo. Ndinanena zimenezi ndikudziwa kuti palibe cholakwika chimene angandipeze nacho.

Kanema atatha ndinafunsa, "Tiyambe ndi funso la masiku onse. Mwini nkhani ndi ndani?"

Ajibu, mnyamata amene pakamwa pake pamathamanga kuposa mutu wake, anaimika dzanja. "Ndi inuyo, Madamu. Mwalankhula kuposa wa zimbale."

Anzake anaseka. Ndinawayang'ana, kuseka kunatha.

Mwanaidi sanaseke. Ameneyu anali mtsikana wochepa thupi, wolankhula motsitsa, amene nkhani ya m'nyuzipepala ankaisenda ngati chinangwa. Anati, "Madamu, ine ndikuona ngati mwini nkhani si anamwali a chinkhoswe, komanso si inu. Ndi mayi uja wa duku labuluu."

"Mayi uti?"

"Amene aima pafupi ndi mpanda wa nkhadze, ali ndi kamnyamata. Kamera ikungobwererabwerera kwa iwo."

"Chimenecho ndi chibwana cha wojambula."

"Koma Madamu, munati kamera siyang'ana mwangozi."

Palibe chowawa ngati kumenyedwa ndi ndodo imene unasema wekha. Ndinamupatsa rimoti. "Tsimikiza."

Anabweza kanema. Mayi uja ndinamuona koyamba tsiku limenelo, pabwalo langa lomwe, m'kanema amene ndinkati ndamuloweza. Anali wamng'ono msinkhu, wovala mwaudongo, maso ake ali pa tebulo la anamwali.

"Tiyambe ndi zovala," anatero Mwanaidi, akutsanzira mawu anga enieni. "Sanavale zobiriwira, sanavale zachikasu. Ndiye si a mbali iliyonse. Koma taonani apa."

Pa kanemapo mayi ake a Gracian, asewere anga oyembekezeka, ananyamuka mwakabisira ndi mbale m'manja. Anapita kumpanda kuja, napatsa mwanayo nyama. Kenaka anamupukuta mamina ndi nsonga ya chitenje chawo chachikasu.

"Madamu," anatero Ajibu, "munthu sapukuta mamina a mwana wa eni ndi chitenje chatsopano. Ngakhale agogo anga amasankha."

"Mwina ndi mayi achifundo," ndinatero.

"Mwina," anatero Mwanaidi. "Tione nkhope ya a Gracian. Apa akuseka. Apa atembenukira kumpanda. Apa kuseka kwatha. Kuyambira pamenepa sakuyang'ananso mbali imeneyo, ndipo kamera ikutionetsa akupukuta thukuta, kenaka mayi uja, kenaka iwonso. Munatiuza kuti wojambula akalumikiza nkhope ziwiri motere, ndiye kuti akutiuza kuti pali chingwe pakati pawo."

Ndinatiuzadi. Ndinkatenga Loweruka lathunthu pa mfundo imeneyo.

"Tsopano mawu," anapitiriza. "Pamene mwayamba kulankhula pali mwana akulira. Ndikupempha tikweze, koma timvetsere mwanayo, osati inu. Pepani, Madamu."

Anakweza. Mawu anga anadzaza khonde lonse, akufotokoza za maziko a banja. Pansi pake, monga madzi oyenda pansi pa mlatho, panamveka mawu ena. Kamnyamata kaja kanapulumuka m'manja mwa mayi ake, kakuthamangira ku tebulo la anamwali, dzanja litaloza Gracian.

"Tambala wanga! Ababa, asatenge tambala wanga! Ababa!"

Mayi uja anakagwira, nakatseka pakamwa. Ine pa kanemapo ndinakweza mawu, ndi kupambana.

Pakhonde panali zii. Ndipo pa nthawi yomweyo, kuseri kwa nyumba, tambala wa khosi lopanda nthenga analira ndi mphamvu zake zonse.

"Madamu," ananong'ona Ajibu, "mboni yafika."

"Kalasi yatha."

Ananyamuka mwakachetechete. Mwanaidi anatsalira pa sitepe. "Madamu, takhoza?"

"Mwakhoza. Pita."

5

Masana omwewo ndinaitanitsa Gracian ndi achimwene anga. Chodabwitsa, ndege inadziwa Sabata tsiku limenelo, pakuti mkamwini anafika msanga, tayi ili pakhosi. Sindinawapatse tiyi. Ndinawaonetsa kachigawo kaja, mawu nditakweza.

Gracian anakonza tayi. "Amayi, nkhaniyi ikufunika kuiona mwa maphunziro. Mayi uja, Modesta, si mkazi wanga. Palibe ankhoswe, palibe tchalitchi. Ndi cholakwa cha paunyamata chabe."

"Cholakwacho chimakhala kuti?"

"Ku Mdeka."

"Ndipo chimaweta nkhuku?"

Anakonzanso tayi.

"Ndege zanu za Loweruka ndi Lamlungu zimatera ku Mdeka? Sindinadziwe kuti boma linamangako bwalo. Nanga tambala uja?"

"Amalume anati ndipeze tambala. Ndinaona kuti kugula wina pamene alipo kale..."

"Katswiri wa zachuma! Mwanayo munamuuza chiyani?"

Anayang'ana nsapato zake. "Ndinati akupita kuchipatala."

Ndinatembenukira kwa a Elias, amene ankayang'ana denga ngati akuwerenga malata. "Achimwene, inu simukudabwa?"

"Achemwali, ndidabwe chiyani? Mwanayo tinamumva tsiku lomwelo. Matenti onse awiri anamva. Ahedi anu aja ankagwedeza mitu chifukwa cha zimenezo. Amene simunamve ndinu nokha, chifukwa ndinu amene munkalankhula."

"Ndiye osandiuza bwanji?"

"Inu? Ndani anakuuzanipo chinthu chibadwire? Ine ndinayesa chaka chimene munagula mbuzi zodwala zija, mpaka lero khutu ili silimva bwino." Anasendera pafupi, natsitsa mawu. "Koma tamverani. Madzi akatayika saoleka. Anthu aitanidwa kale. Mwamuna aliyense ali ndi kuseri kwake. Tambalayo tiphe lero, mwana wa ku Mdeka azithandizidwa mwakachetechete, ukwati upitirire. Mukaimitsa, Lirangwe yense akusekani mpaka m'manda."

Owerenga, ndikanakonda kukuuzani kuti ndinawakalipira. Sindinatero. Ndinaganiza za chipewa changa cha ku Limbe. Ndinaganiza za azimayi a kutchalitchi amene ana awo aamuna ndinawabweza pakhonde. Ndinaona nkhope zawo zikundimvera chisoni, chinthu chimene ndimachiopa kuposa njoka. Mumtima ndinayamba kale kukonza ziganizo zoti ndikamuuze Doreen, za kupirira ndi za kukhululuka.

Chitseko chinatseguka. Doreen analowa atavala yunifomu yake ya kuntchito. Anayang'ana Gracian, anayang'ana wailesi ya kanema, nakhala pampando mosafulumira.

"Mwanangu," ndinayamba, "pali nkhani yovuta imene uyenera kuimva modekha."

"Ya a Modesta ndi mwana wawo Solomon? Ndinakawatenga ndine, Amayi."

Gracian anamasula tayi.

"Ndinapita ku Mdeka sabata imene munandibweza ija," anapitiriza Doreen. "Ndinawapeza akuchapa malaya a bambowa. Za chinkhoswe sankadziwa. Nditawauza anati sangakhulupirire mpaka aone ndi maso awo. Ndinati, ndiye mufanana ndi mayi anga, tiyeni mukaonere limodzi. January ndinamuuza ndine poloza kamera. Za tambala zokha sindinakonze. Zimenezo anatithandiza ndi eni ake."

"Bwanji sunangokana chinkhoswecho?"

"Mukanandikokera kutchalitchi ndi khutu, mukunena kuti ndamvera za pachigayo. Munati ndibweretse umboni. Ndinaubweretsa pabwalo panu, masana, pamaso pa ahedi. Simunauone. Ndinauika m'chimbale, mwauonera mwezi wathunthu. Nditaona kuti kulengeza komaliza ndi mawa, ndinati ndipeze oonera ena. Mwamwayi munawaphunzitsa bwino."

Ananena zonsezi mwaulemu, manja ali pamiyendo. Ndinafunafuna cholakwika m'kafotokozedwe kake monga ndimachitira ndi ntchito ya mwana aliyense. Munalibe.

"Nanga ndikanapanda kuona mpaka tsiku la ukwati?"

"Ndikanakana pa guwa, Amayi. Koma ndinkafuna kuti mukhale kumbali yanga, osati kumbuyo kwanga mukundikankha."

Ndinazindikira kuti mwana ameneyu wakhala akugona m'nyumba mwanga mwezi wonse, akumva mayi ake akuonera kanema wa manyazi ake n'kumayamikira duku.

Ndinaimirira. "Achimwene, mukatenge msoti wathu kwa anthu aja, ngati sanadye. A Gracian, chitseko ndi chomwe munalowera chija. Pamene mukutuluka musanunkhize mabuku anga."

6

Lamlungu m'mawa ndinakaonana ndi abusa mapemphero asanayambe. Nthawi ya zolengeza itafika, anawerenga za msonkhano wa amayi ndi za maliro a kumudzi wina, natseka buku. Tchalitchi chonse chinatembenuka kundiyang'ana. Ndinakhala chowongoka, chipewa cha ku Limbe chili kumutu. Ndinati poti ukwati palibe, chipewacho chigwire ntchito pa tsiku limene ndikuchifunadi.

Lolemba ndinamanga tambala miyendo ndi kansalu. Ine ndi Doreen tinakwera minibasi ya ku Mdeka. Kondakitala, amene ndikukhulupirira kuti ndinamulepheretsapo Chingerezi, anafuula, "Sunthani, Madamu akhale ndi mlendo wawo!" Ndinakhala pakati pa thumba la makala ndi mayi wonyamula tomato, tambala ali pamiyendo panga. Umu ndi mmene digiri ya ku Zomba inayendera tsiku limenelo.

Nyumba ya Modesta inali yaing'ono, bwalo losesedwa bwino, khola la nkhuku pambali. Kamnyamata kaja, Solomon, kanali kuseweretsa galimoto ya mawaya. Katangoona chimene ndinanyamula, kanataya galimoto n'kuthamanga. Sikanandipatse moni. Kanandilanda tambala, n'kumukumbatira mpaka anakuwa.

"Wachira?" kanandifunsa.

"Wachira, mwanangu. Odwala anali ena."

Modesta anatiyalira mphasa. Ndinamufunsa za Gracian. Anati zovala zake anazimanga m'thumba n'kuzitumiza kwa mayi ake, ndipo nkhani ya mwana ili m'manja mwa amalume ake a Modestayo. Kenaka, pofuna kundichitira ulemu monga mlendo, anati, "Munalankhula bwino tsiku lija, amayi. Chingerezi chokhachokha. Kungoti ine sindinamvepo kanthu."

"Usadandaule, mwanangu," ndinamuyankha. "Nanenso sindinamve kanthu."

7

Lirangwe anandiseka, monga a Elias ananenera. Kwa miyezi ingapo ndikadutsa pamsika, anyamata a njinga ankalira ngati atambala ndikangopitirira. Ndinawasiya. Ambiri a iwo ndi luso lokhalo limene anatuluka nalo kusukulu.

Doreen sanakwatiwe mpaka pano, ndipo amagona tulo tabwino. Kukabwera mwamuna, ndimapita kuseri kukadyetsa nkhuku. Kalabu ikupitirira. Ana atsopano akabwera amapempha kanema wa chinkhoswe, pakuti mbiri yake inafika mpaka ku Chileka, ndipo ndimawaonetsa. Palibe phunziro langa lina limene limalowa m'mitu mwawo msanga ngati limeneli.

Inu owerenga, makamaka inu amene muli ndi mapepala a sukulu m'mafelemu pakhoma, ndikusiyireni njira imodzi yoonera kanema imene sindinaiphunzire ku Zomba. Mukaonera kanema amene inu mulimo, kaya wa ukwati, kaya wa maliro, kaya wa moyo wa m'nyumba mwanu momwe, ikani chikhatho pa galasi, muphimbe nkhope yanu. Kenaka muone amene atsala. Kawirikawiri kumpanda kumakhala munthu amene wakhala akukuitanani kuyambira kale, inu muli kalikiliki kukweza mawu.